Kupalasa njinga ndi kuona kuwala kwa kumpoto ku Norway: kodi zingatheke paulendo umodzi?

Kamtedza72

Moni nonse a pagulu lino. Ndine Mmalawi wokhala ku Britain, ndipo ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza kuyambira usiku wa pa 10 May 2024. Usiku umenewo mnzanga wa kuntchito anandiimbira foni kuti ndituluke panja ndiyang'ane kumwamba. Tinatuluka ndi mayi a kunyumba, tinaima kuseri kwa nyumba pamene timaimika galimoto, ndipo thambo linali litafiira ngati kutali kukupsa tchire, koma pafoni chithunzi chinkatuluka ndi mizere yobiriwira imene maso athu sankaiona bwino. Uku ndiko kuwala kumene amakutcha aurora. Chiyambire tsikulo ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndikakuone kwawo kwenikweni, kumpoto kwa Norway. Komabe ndilinso ndi khumbo lakale lokapalasa njinga pa zilumba za Lofoten, pakuti njinga ndinakula nayo ndipo mpaka lero ndimapitira kuntchito. Masiku a tchuthi amene ndingapatule ndi masabata awiri okha, chifukwa otsalawo ndi okaonera makolo kumudzi, ndipo thumba silingalole maulendo awiri. Kodi alipo amene anachitapo zonse ziwiri paulendo umodzi? Ngati alipo, anapita mwezi uti, ndipo anadzera njira iti?

Nthanda

Achimwene, mapanga awiri avumbwitsa. Njinga kumeneko ndi ya June ndi July, pamene dzuwa sililowa, ndipo kuwalako kumafuna mdima. Sankhani chimodzi.

MayiWaKuTromsø

A Nthanda anena zoona mbali imodzi, koma sanamalize nkhani. Ine ndakhala ku Tromsø zaka zingapo tsopano, ndipo mzindawu uli pafupifupi makilomita 350 kumpoto kwa mzere wa Arctic Circle, umene kumpoto kwake dzuwa limakhala osalowa masiku ena pachaka. Kuno dzuwa limasiya kulowa chakumapeto kwa May mpaka chakumapeto kwa July, ndipo nthawi imeneyo ngakhale kumwamba kutachitika zotani simungaone kanthu, chifukwa pakati pa usiku kumakhala kowala ngati madzulo. Mbali inayo, kuyambira kumapeto kwa November mpaka pakati pa January dzuwa silituluka n'komwe, misewu imakhala ndi chipale chofewa ndi madzi oundana, ndipo munthu wachilendo sangayende ulendo wautali pa njinga. Koma pakati pa nyengo ziwirizi pali September. Usiku umayamba kubwerera chakumapeto kwa August, ndipo pofika sabata yoyamba ndi yachiwiri ya September kumada mokwanira kuti kuwala kuoneke, pamene misewu ya m'mbali mwa nyanja ikadali youma masana ndipo nthawi zambiri chipale chimangokhala pansonga za mapiri. Anthu a kuno amakutcha nordlys, ndipo ine chaka chilichonse ndimayamba kukuona m'mwezi umenewu, nthawi zina nditaima pakhonde ndi juzi yokha. Choncho yankho langa kwa a Kamtedza72 ndi lakuti n'zotheka, koma khomo lake ndi lopapatiza, ndipo mupite mutavomereza kuti mvula ndi mphepo za nyengoyi zikhoza kukulandani masiku ena.

Nthanda

Ndavomereza za September, mayi. Koma munthu wapalasa makilomita 70 masana, wanyowa, watopa. Adzakhaladi maso mpaka pakati pa usiku akudikira kumwamba? Nkhawa yanga ili pamenepo.

Mphunzitsi_wa_Sayansi

Ndiloleni ndifotokoze chimene chimachititsa kuwalaku, chifukwa kudziwa zimenezi kumathandiza posankha tsiku ndi malo. Dzuwa limatulutsa timaduka tating'onoting'ono tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo timeneti tikafika pafupi ndi dziko lathu, mphamvu ya maginito ya dziko imatilondolera chakumpoto ndi chakummwera kwenikweni. Kumeneko timawombana ndi mpweya pamtunda wa makilomita 100 kapena kuposerapo kuchokera pansi. Mpweya wa okosijeni ukawombedwa pamtunda wa makilomita 100 mpaka 150 umatulutsa kuwala kobiriwira, ndipo ukawombedwa pamwamba pa makilomita 200 umatulutsa kofiira, pamene mpweya wa nayitrojeni ndi umene umapereka mtundu wonga wa maluwa a jakaranda m'mphepete mwa pansi. Wasayansi wa ku Norway komweko, Kristian Birkeland, ndi amene analimbikira maganizo akuti gwero lake ndi dzuwa; mu 1899 anakhala nyengo yozizira pa phiri la Haldde pafupi ndi Alta akuyeza zimenezi, ndipo nkhope yake inadzaikidwa pa ndalama ya pepala ya 200 kroner.

Mfundo yofunika kwa wokonza ulendo ndi iyi. Kuwalaku kumakhala ngati nkhata yozungulira kumpoto kwa dziko, ndipo Tromsø, chilumba cha Senja ndi Lofoten zili pansi pa nkhata imeneyi. Zimene munaona ku Britain mu May 2024 zinachitika chifukwa panali namondwe wamkulu wa padzuwa amene anakankhira nkhatayo kutali chakummwera, ndipo zotere sizichitika kawirikawiri. Kumpoto kwa Norway simufunika namondwe wotere. Pa muyezo wa Kp, umene umayeza kukula kwa namondwe wotere kuyambira pa 0 kufika pa 9, ngakhale 2 kapena 3 amakwanira ngati kumwamba kulibe mitambo. Dzuwa limasinthasintha mphamvu pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, ndipo linafika pachimake cha m'ma 2024. Ndiponso zadziwika kalekale kuti masabata oyandikira nthawi imene usana ndi usiku zimafanana, mu March ndi mu September, kuwalaku kumakonda kuchitika kwambiri. Pamenepa sayansi ikugwirizana ndi zimene mayi a ku Tromsø anena.

Chishalo_Cholimba

Ine za kumwamba sindinazione chifukwa ndinapita mu July, koma za msewu ndikhoza kuchitira umboni. Ndinakwera sitima ya pamtunda kuchokera ku Trondheim kupita ku Bodø, ulendo wa maola pafupifupi 10, kenako sitima ya panyanja yowolotsa magalimoto kupita ku Moskenes pa zilumba za Lofoten, imene imatenga maola atatu kapena anayi. Kuchokera kumeneko ndinayamba ndapita ku Å, mudzi umene uli kumapeto kwa msewu wa E10, ndipo ndinatembenuka kulowera ku Reine, Leknes, Henningsvær mpaka Svolvær. Mtunda wa pakati pa Å ndi Svolvær ndi pafupifupi makilomita 130, ndipo zitunda zake si zoopsa, pakuti msewu umatsata gombe m'tsinde mwa mapiri. Zovuta zenizeni ndi zitatu. Choyamba ndi mphepo, imene ikakubwererani kumaso mumapalasa ndi giya yopepuka ngakhale pachigwa. Chachiwiri ndi magalimoto okhala ndi nyumba kumbuyo, amene mu July amadzaza msewu wopapatizawo. Pa chifukwa chimenechi September akhoza kukhala wabwino kuposa mwezi umene ine ndinasankha.

Chachitatu ndi misewu yoboola pansi. Pakati pa zilumba za Flakstadøya ndi Vestvågøya msewu umalowa pansi pa nyanja pa Nappstraumen, mtunda wosakwana makilomita awiri. Umatsetsereka kwambiri mpaka pakati, kenako umakwera chimodzimodzi. M'kati mwake mumazizira, madzi amadontha m'makoma, ndipo phokoso la lole imodzi limamveka ngati likuchokera mbali zonse. Ine ndinatsika njinga ndi kuikankha pakanjira ka m'mbali, dzanja lili pa buleki, nyali ya kumbuyo ikuphethira. Musapite popanda nyali zamphamvu kutsogolo ndi kumbuyo komanso chovala chonyezimira. Dziwaninso kuti ku Norway ilipo misewu ina yoboola mapiri imene njinga ndi zoletsedwa kulowamo, choncho njira yanu muifufuze musananyamuke.

Kamtedza72

Zikomo kwambiri nonse. A Chishalo_Cholimba, kodi munatenga njinga yanu pandege kapena munabwereka komweko? Nanga munkagona kuti?

Chishalo_Cholimba

Ndinatenga yanga m'katoni, nditachotsa mapedulo ndi tayala la kutsogolo, ndipo ndinatembenuza handulo. Obwereketsa njinga alipo, koma pa masabata awiri mtengo wake umakwera, komanso chishalo chimene thupi silinachizolowere chimapweteka pofika tsiku lachitatu. Tengani machubu awiri, mpope, masipoko apadera ndi mafuta a tcheni, chifukwa malo okonzera njinga ndi otalikirana. Kugona ndinkagona mu tenti masiku ambiri, ndipo kawiri ndinalipira kanyumba ka asodzi kamene amati rorbu kuti ndiumitse zovala.

Gogo_Nasibeko

Ana anga, ine ndingofunsa ngati kholo. Munthu angakhome tenti m'dziko la eni popanda kupempha kwa mwini malo? Kwathu mlendo amayamba waonekera kwa amfumu.

MayiWaKuTromsø

Funso lanu ndi labwino, agogo, ndipo nanenso zinandidabwitsa nditangofika. Kuno kuli ufulu umene amautcha allemannsretten, ndipo unalembedwa m'lamulo la mu 1957. Munthu aliyense, ngakhale mlendo, akhoza kuyenda ndi kugona pamalo osalimidwa, malinga akhome tenti pamtunda wosachepera mamita 150 kuchokera panyumba yokhalamo anthu, ndipo asapitirire mausiku awiri pamalo amodzi popanda chilolezo cha mwini. M'munda, m'dimba la msipu wotchetcha kapena pabwalo la munthu simuloledwa. Kusonkha moto m'nkhalango kapena pafupi nayo n'koletsedwa kuyambira pa 15 April mpaka pa 15 September, choncho a Kamtedza72 atenge kachitofu ka gasi. Ndionjezere kuti ku Lofoten anthu a m'midzi akhala akudandaula ndi alendo osiya zinyalala ndi kudzithandiza paliponse, moti malo ena otchuka anaikidwa malire pa nkhani ya matenti. Mukaona chikwangwani choletsa, chimvereni. Ulemu umene agogo akunena ukufunikabe, kungoti kuno umaoneka pa mmene mwasiyira malo pochoka.

Tentiyi ndi imenenso ikuyankha nkhawa ya a Nthanda. Wogona mu hotela m'tauni amayenera kukwera galimoto usiku kuthawa magetsi a mumsewu. Wogona mu tenti pagombe ali kale mu mdima. Amadya, amagona msanga, amatchera foni kuti imudzutse cha m'ma 11 koloko, amatsegula zipi ndi kusuzumira. Ngati kuli mitambo amabwerera m'thumba lake logonamo.

MnyamataWaOulu

Ine ndikuona kuti mukuopa nyengo yozizira popanda chifukwa. Kuno ku Oulu, m'dziko la Finland, ana a sukulu amapalasa njinga mu January pa chipale chofewa, ndipo ine ndimapita ku yunivesite pa njinga chaka chonse. Matayala okhala ndi timisomali amagwira bwino pa madzi oundana. Bwanji osabwera mu February, pamene usiku ndi wautali ndipo mwayi woona kuwala ndi waukulu?

Chishalo_Cholimba

Mng'ono wanga, zimene mukunena za Oulu ndi zoona, koma mukuyerekeza zinthu zosiyana. Inu mumapalasa mphindi 20 panjira ya njinga zokhazokha imene boma la mzinda limaisamalira m'mawa uliwonse, ndipo mumafikira m'chipinda chofunda. Munthu amene ali pa E10 mu February ali pamsewu umodzi ndi malole mumdima, m'mbali mwa msewu mwaunjikana chipale, ndipo tayala likaphulika ayenera kuvula magolovesi ndi kusintha chubu zala zikuuma. Amene sanakhalepo m'chisanu chotere asayambire pamenepo.

MnyamataWaOulu

Pamenepo ndagonja, achimwene. Koma akadzafuna kulawa njinga ya pachisanu kwa tsiku limodzi, m'tauni ndi motheka.

Mlonda_wa_Thumba

Palibe amene wanena za chitupa ndi ndalama, ndipo ulendo umafera pamenepo. Norway sali mu European Union koma ali m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo amene ali ndi pasipoti ya Malawi amafunika viza ngakhale akhale ndi chilolezo chokhalira ku Britain. Pofunsira viza amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yofika ma euro 30,000, komanso umboni wa kumene mukagone ndi mmene mukabwerere. Amene akukonza zogona mu tenti alembe ndondomeko ya ulendo tsiku ndi tsiku ndipo asungitse malo ena olipira, kuti pempho lake limveke. Za chakudya, kudya m'malesitilanti kumeneko kumatha ndalama msanga. Gulani m'sitolo buledi, phala la oti, mpunga ndi nsomba za m'chitini, muziphika nokha. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Nachisale_Leeds

Ndikufuna kuchenjeza za ziyembekezo, chifukwa ine ndinabwerako ndi mtima wosweka. Ndinapita ku Tromsø mu November ndi mwana wanga wamkazi kwa mausiku anayi. Tinalipira kampani ina yotengera alendo kokasaka kuwalaku, anatiyendetsa pa minibasi maola ambiri, ndipo mausiku atatu kunali mitambo yokhayokha. Usiku wachinayi kunatseguka pang'ono, wotitsogolera anakuwa kuti taonani, ndipo chimene ndinaona ndi maso chinali ngati utsi wotuwa wopingasa kumwamba. Pa kamera yake chinatuluka chobiriwira kwambiri, chokongola ngati pa zithunzi zotsatsa malonda. Mwana wanga anandifunsa ngati chimenechi ndi chomwe tinabwerera, ndipo ndinasowa chomuyankha. Ndimaona kuti akanatiuza zimenezi tisanalipire.

Mphunzitsi_wa_Sayansi

Pepani kwambiri, achemwali. Zimene munakumana nazo zili ndi chifukwa chake. Diso la munthu mumdima silizindikira bwino mitundu, pamene kamera imasonkhanitsa kuwala kwa masekondi angapo n'kukuika pa chithunzi chimodzi. Kuwala kukakhala kofooka diso limaona kotuwa; kukakhala kwamphamvu, kubiriwira kumaoneka ndi maso ndithu, ndipo kumayenda ngati nsalu yoyanikidwa ikamakupizidwa ndi mphepo. Mwezi ukakhala wathunthu umaphimbanso kuwala kofooka, choncho ndi bwino kusankha masiku a mwezi wamdima. Koma mdani wamkulu ndi mtambo, chifukwa mitambo ili pansi, pamene kuwalaku kuli makilomita 100 pamwamba. Pa chifukwa chimenechi mausiku anayi ndi ochepa, ndipo amene ali ndi mausiku 12 panja ali ndi mwayi woposa.

MayiWaKuTromsø

Ndi zoona, ndipo m'mbali mwa nyanja mitambo ndi yambiri kuposa kumtunda. N'chifukwa chake ena amawolokera ku Abisko, m'dziko la Sweden, kumene mapiri amatchinga mvula ndipo kumwamba kumakonda kuyera. Muzidzaona za nyengo pa webusaiti ya Yr, imene imayendetsedwa ndi nthambi ya zanyengo ya Norway pamodzi ndi wailesi ya NRK, chifukwa imasonyeza mitambo ora ndi ora. Koma ndisabise, a Nachisale_Leeds, usiku wabwino ukafika munthu amaiwala kuzizira. Chaka china mu September ndinaima pagombe pa chilumba cha Kvaløya pafupi ndi Tromsø, nyanja ili bata, ndipo mzere wobiriwira unayamba kumpoto, unakwera mpaka pamwamba pa mutu wanga, unang'ambika pakati, ndipo wonsewo unkaonekanso m'madzi. Anthu a mtundu wa Sami, eni nthaka a kumpoto kuno, amakutcha guovssahas, ndipo akuluakulu awo ankaletsa ana kukuimbira likhweru kapena kukukodola ndi dzanja. Usiku umenewo ndinamvetsa chifukwa chake munthu angakupatse ulemu wotero.

Msodzi_wa_Nkhotakota

Mundikhululukire popatuka pang'ono. Ndinaona pa zithunzi za Lofoten mitengo yaitali yopachikapo nsomba. Kodi amaumitsa ngati mmene timayanikira usipa pathandala?

Chishalo_Cholimba

Nzeru yake ndi yofanana, bambo, koma kumeneko choumitsa ndi mphepo yozizira, osati dzuwa, ndipo sathira mchere. Nsombayo ndi cod, imene imabwera kudzaswana ku Lofoten kuyambira chakumayambiriro kwa chaka mpaka April. Amaimanga ziwiriziwiri kumchira n'kuzipachika pamitengo mpaka cha mu June, ndipo imauma gwa ngati nkhuni. Yambiri imagulitsidwa ku Italy, pamene mitu yake imapita ku Nigeria. Wopita mu September adzapeza mitengoyo ili yopanda kanthu, koma nsombayo imapezeka m'masitolo, ndipo timapaketi take ndi kamba wabwino wa panjinga chifukwa ndi topepuka.

Nthanda

Ngati mwatsimikiza zopita, bwanji osakafika ku Nordkapp, kumene kumayambira njira ya njinga ya EuroVelo 1? Kumeneko ndiye kumpoto kwenikweni.

MayiWaKuTromsø

Mu September sindingalangize zimenezo kwa woyamba kumene. Kuti mufike pa chilumba cha Magerøya, pamene pali Nordkapp, muyenera kudutsa msewu wa pansi pa nyanja wotalika pafupifupi makilomita 7, umene umatsika mamita 212 pansi pa madzi, ndipo mukatuluka mumapeza dziko lopanda mitengo, mphepo ilibe chotchinga, midzi ili patalipatali. Ndiponso kupita kumpoto kwambiri sikuonjezera mwayi wa kuwala, popeza Lofoten ili kale pansi pa nkhata imene aphunzitsi afotokoza.

Njira imene ndingapereke ndi iyi. Tsikirani ndege ku Tromsø masiku omaliza a August. Palasani kudutsa Kvaløya mpaka Brensholmen, wolokani pa sitima kupita ku Botnhamn pa chilumba cha Senja, ndipo tsatani gombe la kunja mpaka Gryllefjord. Pa Senja misewu ina yoboola mapiri ili ndi batani pakhomo limene wanjinga amadina kuti nyali ichenjeze oyendetsa galimoto kuti muli munthu m'kati. Kuchokera ku Gryllefjord sitima imawolotsera ku Andenes pa chilumba cha Andøya, koma imeneyi imayenda nyengo yotentha yokha, choncho onani tsiku lake lomaliza musanagule tikiti ya ndege. N'chifukwa chake ndikuti muyambire kumpoto kutsikira kummwera, osati mosemphanitsa. Mukaiphonya, bwererani ku Finnsnes mukakwere sitima ya Hurtigruten, imene yakhala ikuyenda m'gombe limeneli kuyambira 1893, imanyamula njinga, ndipo imaima pa Risøyhamn, Sortland, Stokmarknes ndi Svolvær. Kuchokera ku Andøya mutsike mpaka Melbu, muwolokere ku Fiskebøl, ndipo mwalowa mu Lofoten pamene usiku wayamba kuda bwino. Valani zaubweya pakhungu osati zathonje, chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limazizira, ndipo thumba logonamo likhale lopirira chisanu chofika pa 0.

Nachisale_Leeds

Mukadzapita, a Kamtedza72, mudzatiuze zimene maso anu anaona, osati za kamera zokha. Mwana wanga akufunsabe ngati tidzabwererenso.

Kamtedza72

Ndidzatero, achemwali, ndipo ndidzalemba usiku uliwonse ngati kunali mitambo kapena ayi. Ndatsata malangizo a mayi a ku Tromsø: ndiyambira ku Tromsø kumapeto kwa August, ndikathere ku Moskenes ndi kuwolokera ku Bodø. Ndawerengera masiku asanu ndi anayi opalasa ndi atatu osiyira mvula ndi mphepo. Mawa ndikupempha tchuthi kuntchito, ndipo ndikayang'ana kalendala ya mwezi ndisanatchule masiku. A Mlonda_wa_Thumba, ndikufuna kudziwa kuti inu munayamba kufunsira viza patatsala masabata angati kuti munyamuke. A Chishalo_Cholimba, njinga yanga ili ndi matayala opyapyala a mumsewu wa tala ndipo ilibe kaliyala kutsogolo. Kodi katundu yense angakwane kumbuyo kokha, kapena ndigule kaliyala wina?